Kuseri kwa Nsalu ya Kanema

Kamera ya mtolankhani itasowa m'nyumba ya alendo ku Balaka, palibe amene anadzivutitsa n'kuganiza. Kuyambira kusiteshoni mpaka kumasitolo a amwenye, mlandu unali utagamulidwa kale Kopolo Hassani wa polisi asanamange n'komwe lamba wake. Wakuba anali Tambwali. Nanga si anthu anamuona ndi maso awo dzulo lake akuba njinga ya mphunzitsi, mbuzi ya mayi wamasiye, ndi buluku la kalaliki lili pachingwe?

Kumuona anamuonadi, koma pa nsalu ya kanema. Chaka chimenecho, cha 1952, galimoto ya kanema inkazungulira m'maboma kuonetsa zithunzi zophunzitsa anthu kuti kuba n'koipa, ndipo amene ankaba m'zithunzi zonsezo anali Blasius Makwinja, mnyamata wowonda wa maso oseka amene dziko lonse linkamudziwa ndi dzina lakuti Tambwali. Ulendo uno azungu a kanema anamutuma kuti aziyenda ndi galimotoyo, anthu amuone maso ndi maso. Ankaganiza kuti anthu akondwa. Anakondwadi, koma amayi a ku Balaka anayamba aanula zovala n'kutsekera nkhuku, kenako n'kupita kukamuwombera m'manja.

Hassani, Myao wa kwa Kawinga amene anamenya nkhondo ku Burma n'kubwerako ndi bondo lodandaula, ankamukonda mnyamatayo ndipo sankabisa. Iye ankadziwa kuti za pa nsalu n'zongoyerekeza, ngakhale kuti tsiku loyamba kuona mkango pa nsaluyo nayenso anasunthako pang'ono pa benchi.

Hassani analipo dzulo lake masana pamene Hudson, mtolankhani wa nyuzipepala ina ya ku Blantyre, ankamufunsa mafunso Blasius pakhonde la tiyirumu ya a Lukiya. Kumufunsa Blasius kunali ngati kugwira mlamba ndi manja. Atafunsidwa za kwawo, anati nyuzipepala ya mwezi watha anaiuza kuti ndi wa ku Mulanje, ya chaka chatha kuti ndi wa ku Dedza, tsono Hudson angosankhapo pa maboma otsalawo. Atafunsidwa ngati ali pabanja, anati mbeta zonse zimene anazifunsira zinkayamba zawerenga nkhuku za kwawo zisanamuyankhe. Anthu anaseka mpaka tiyi kuzizira m'makapu. Koma Hudson atafunsa za amayi ake, Hassani anaona chimene ena sanachione. Blasius anayang'ana kunjira ya ku Rivirivi n'kunena kuti amayi anatsikira kulichete iye ali wamng'ono. Kenako mwachangu anabwezera Hudson cholembera chimene anamusolola m'thumba iye osamva, anthu n'kufa nako kuseka. Cholembera chimenecho ndicho chinali kumupachika tsopano.

* * *

Hudson anali mnyamata wa jekete la mizeremizere, wosavula tayi ngakhale Balaka ataotcha bwanji. Hassani anamupeza akuzungulira m'chipinda ngati nkhuku yofuna poikira. Anafotokoza kuti m'mawa anamangirira kamera ku chitsulo cha pazenera ndi lamba wake, n'kupita kukasamba kuseri. Pobwera anapeza zenera lili yasa, kamera palibe.

"Kopolo, musataye nthawi. Munthu amene amandichotsa peni m'thumba anthu akuona, kamera ingamukanike? Mumangeni. Nkhani yake ndaiona kale patsamba loyamba: Tambwali wa pa kanema ndi tambwali weniweni."

 Hassani anali kuyang'ana kachidutswa ka lamba kamene kanatsalira pachitsulo. Chomangira chake chinali chomanga bwinobwino, palibe amene anachikhudza. Lambayo sanadulidwe ndi mpeni. Anali wonyowa, wophwanyika, ndipo m'mbali mwake munali mabala a mano. Munthu anaima pazenera limeneli n'kutafuna chikopa mpaka kuduka, pamene kumasula chomangiracho kunali kosavuta ngakhale kwa mwana. Pafupi pomwepo, pa chitsulo chomwecho, panali polendewera wotchi ya Hudson, ikugunda mwaulemu, wakubayo osaifuna.

Kunja, pansi pa zenera, fumbi linali litasunga mapazi. Anali a nsapato za matayala, zazifupi modabwitsa, ngati za mwana, koma zotambalala ngati za munthu wamkulu. Phazi limodzi linkakwekwereza. Pambali pake panali timaenje ta ndodo.

Hassani anafunsa kuti mu kameramo munali chiyani. Hudson anakonza tayi, nati munali ntchito yake, ndipo ntchito ya mtolankhani siuzidwa kwa apolisi isanatuluke m'nyuzipepala. Anangowonjeza kuti Blasius anali ndi chifukwa chokwanira chofunira kuti chithunzi china chimene chinali m'menemo chisaoneke.

* * *

A Lukiya sanadikire kufunsidwa. Anamupatsa Hassani mpando, kapu ya tiyi, ndi umboni, zonse nthawi imodzi.

"Che Hassani, wallahi, ndikulumbira, ndinamuona. Analowa pazenera chammbuyo, chipewa atachiluma kukamwa, galu n'kumugwira buluku."

Hassani anafunsa modekha kuti galuyo anali wa mtundu wanji. Anati woyera wa mawanga. Anafunsa ngati ku nyumba ya alendo kuli galu. A Lukiya anaganiza pang'ono, n'kuvomera kuti mwina za galuzo anaziona pa bayisikopo, koma munthu wake ndi yemweyo, manja ake ndi omwewo, ndipo dzanja likazolowera silifunsa kuti pano ndi pa nsalu kapena pa zenera la eni. Amuna awiri amene ankamwa tiyi pakona anavomereza ndi mitu. Mmodzi anati iye mbuzi ya mayi wamasiye ija imamupwetekabe mtima, ndipo sanamvepo kuti inabwezedwa.

Hassani anapirira, pakuti umboni wa ku tiyirumu uli ngati mpunga wa pamsika, umafuna kupeta. Ndipo pansi pa mankhusu onsewo munatuluka njere. A Lukiya anakumbukira kuti dzulo, mafunso atatha, Blasius anagula mabanzi ndi shuga kwa iwo, n'kukagula nsalu yakuda kwa mmwenye, n'kulowera kunsi kwa mlatho wa njanji, kumene anthu abwino sapitako. Analipira zonse, zimene a Lukiya anaziona kuti n'zokayikitsa. Ndipo patapita kanthawi wa jekete uja anamutsatira chozemba, kabokosi kake kali pakhosi.

* * *

Hassani anamupeza Blasius atakhala pa sitepe ya galimoto ya kanema, ana atamuzungulira chapatali, aliyense atagwira thumba la kabudula wake. Ataona yunifolomu anaimirira n'kupereka manja onse awiri kuti amangidwe, nkhope yachisoni ngati ya pa nsalu ija, ana n'kugwa nako kuseka. Anayankha Hassani monga anayankhira Hudson. Atafunsidwa kumene anali m'mawa, anati anali kumene kuli zinthu za eni. Atafunsidwa za kunsi kwa mlatho, anati anapita kukayeza ngati njanji ingakwane m'thumba.

Hassani anathamangitsa anawo. Kenako anakhala pansi pambali pake, natambasula bondo lake lija, n'kunena ngati akungocheza kuti wakuba wa lero ndi wachilendo, mapazi ake ndi aafupi, limodzi lokwekwereza, ndipo amayenda ndi ndodo.

Kuseka kunachoka pankhope ya Blasius monga madzi amachokera pamwala wotentha. Kwa nthawi yoyamba Hassani anaona nkhope yake yeniyeni, ndipo inali ya mwana amene wachita mantha.

"Ndine ndaba, akopolo. Musafunefunenso. Kamerayo ndaiponya m'chitsime."

"Munaichotsa bwanji pachitsulo paja?"

"Ndinamasula lamba."

Hassani anamva chisoni chimene sanachiyembekezere. Mnyamata amene ankanamiza nyuzipepala za dziko lonse anali atalephera kunama bodza limodzi lokha limene ankalifunadi. Hassani anamukumbutsa kuti akavomera mlandu umenewu apita kundende ku Zomba, ndipo azungu a kanema sangasunge wakuba weniweni. Blasius anati akudziwa. Anaperekanso manja aja, ulendo uno osaseka.

* * *

Wadson, amene ankayendetsa galimotoyo ndi kuliza makina a kanema, anali chigonere pansi pa injini, miyendo yokha ili kunja. Ankayankhula ngati munthu amene anakhalapo ku Salisbury ndipo safuna kuti wina aiwale.

"Nevala, kopolo, sizingatheke. Blasius ndinali naye pano chikuchereni, akundigwirira sipanala. Munthuyu sangabe ngakhale chitosi cha nkhuku. Vuto la anthu a kuno sadziwa kusiyanitsa filimu ndi moyo."

Hassani anafunsa ngati dzulo pa kanema anaonapo munthu woyenda ndi ndodo, wokwekwereza phazi. Wadson anatuluka pansi paja, napukuta manja, n'kutsitsa mawu. Anati alipo mayi wina, wodwala khate, wa kumudzi wa akhate umene ansembe amausamala m'mbali mwa Rivirivi. Galimoto ikangofika ku Balaka, mayiyo amatulukira, atafunda nsalu kumutu. Anthu sangalole kuti akhale nawo pabwalo, ndiye amakakhala yekha kuseri kwa nsalu ya kanema, kumene chithunzi chimaonekabe koma chotembenuka. Saseka anthu akamaseka. Amangoyang'ana, ndipo Tambwali akagwidwa n'kumenyedwa pamapeto, iye amabisa nkhope. Wadson anati sanamuthamangitsepo, chifukwa kuseriko kulibe amene amakufuna.

Hassani anayang'ana zala zake zomwe, n'kuganiza za chomangira chimene sichinamasulidwe, ndi wotchi yaing'ono imene inasiyidwa. Tsopano anadziwa chifukwa chake wakubayo anagwiritsa ntchito mano.

* * *

Anthu a ku Balaka anasangalala kuona Tambwali atakwezedwa pakaliyala ya njinga ya polisi, ndipo ena anathamanga kukauza anzawo kuti mbuzi ija yalipidwa. Anadabwa pang'ono kuona njingayo ikudutsa polisi n'kulowera njira ya ku Rivirivi, Hudson akupalasa pambuyo pa njinga yobwereka, tayi ili kuuluka. Njira yonse Blasius ankachonderera kuti abwerere. Hassani anangopalasa, maso ali pa timaenje ta ndodo m'fumbi.

Sanapite kutali. Munthu wa mapazi otero sathawa. Anawapeza atakhala pamthunzi wa mlambe, mayi wamng'ono thupi, atavala nsalu yakuda yatsopano. Kamera inali pamiyendo pawo, itatsekulidwa ndi supuni imene inali yomangiriridwa kudzanja lawo lopanda zala. Filimu yonse inali itasololedwa, ili nyololo padzuwa ngati matumbo a nkhuku, ndipo iwo anali ataipana ndi manja awiriwo, akuiyang'ana kumwamba chigawo ndi chigawo.

Hudson anabuula n'kukhala pansi m'fumbi, jekete ndi zonse.

Mayiwo sanachite mantha ndi yunifolomu. Anapereka moni waulemu, nati dzina lawo ndi Bernadetta, ndipo kabokosiko anakatenga ndi iwo, okha, popanda wowatuma. Sankafuna kukagulitsa. Dzulo kunsi kwa mlatho anamva kakulira kuti tche kuseri kwa chitsamba, ndipo anadziwa kuti nkhope yawo yalowa m'menemo.

"Ndimangofuna kuchotsamo nkhope yanga, bambo, kabokosiko ndikabweze. Koma ndayang'ana monsemu, mulibe. Kaya yabisala pati."

Hassani anawafotokozera mofatsa kuti zithunzi za mu kamera zimafa zikaona dzuwa, ndipo nkhope yawo, pamodzi ndi ntchito yonse ya Hudson ya sabata imeneyo, inafa nthawi imene anatsekula. A Bernadetta anapuma mozama, nachita chizindikiro cha mtanda ndi dzanja la supuni lija. Kenako Hassani analoza Blasius, amene anali chiimire ngati chitsa, n'kufunsa ngati akumudziwa.

"Iyayi. Abambo awa sindiwadziwa. Ndi munthu wachifundo chabe, anandigulira mabanzi."

Ananena osamuyang'ana. Hassani anali atamvapo mabodza ambiri pantchito yake, ndipo ili linali loyamba kumubweretsera misozi. Anayang'ana kumwamba kwa mlambe ngati kuli china chofunika kumeneko.

Hudson anadzuka, nasasa fumbi. Sanali munthu woipa mtima, koma njala ya nkhani inali itamugwira, ndipo sabata yake yonse inali itapsa ndi dzuwa. Anati chithunzi chafa koma cholembera chake chidakali moyo, ndipo zimene waona ndi maso akhoza kuzilemba. Anatembenukira kwa Blasius n'kubwereza funso la dzulo lija, la amayi ake.

Hassani anayembekezera nthabwala. Ankadziwa kuti mnyamatayo akhoza kutulukamo ngakhale pano, akhoza kunena chinthu choti Hudson yemwe aseke n'kuiwala funso. Koma Blasius anavula chipewa, nayenda mpaka pamthunzi, n'kukhala pansi pafupi kwambiri ndi mayi uja, pamene munthu wopanda khate sakhalapo. Anamasula supuni ija pang'onopang'ono, n'kugwira dzanjalo ndi manja ake onse awiri.

"Awa ndi amayi anga. Kwathu ndi kuno ku Rivirivi, si ku Mulanje kapena ku Dedza. Lembani zimenezo, achimwene."

A Bernadetta anayesa kuchotsa dzanja, koma iye anakana nalo. Anamukalipira monong'ona, monga amayi amakalipira mwana m'tchalitchi. Anamukumbutsa kuti ndi iwo amene anamulumbiritsa, tsiku limene ankapita kukafuna ntchito, kuti aliyense womufunsa azimuuza kuti amayi ake anafa. Ndani angapatse moni wa pamanja mwana wa wakhate? Mzungu uti angamuveke zovala za kanema? Iwo anavomera kufa m'nyuzipepala kuti iye akhale ndi moyo, tsono lero akufuna kuwadzutsa kuti apindule chiyani? Blasius anayankha kuti wakhala akuwaika m'manda pamaso pa mtolankhani aliyense, ndipo nthawi iliyonse anthu amaseka pambuyo pake, iye yekha n'kumakalira kuseri kwa galimoto. Watopa. Ntchito ikatha ithe, makasu sanathe m'dziko.

Hudson anali atatulutsa cholembera, koma sanalembe kanthu. Anatola kamera yake, naitembenuza uku ndi uku, n'kupeza kuti supuni inangoikanda pang'ono. Anauza Hassani, maso ali pansi, kuti katundu wake wapezeka ndipo sakuona mlandu woti apite nawo kukhoti. Za nkhaniyo anati ailemba pokhapokha amayiwo atalola. Hassani anavomera msanga, Hudson asanasinthe maganizo.

Blasius anatulutsa banzi limene linatsala m'kathumba ka amayi ake, nalinyema, n'kuyamba kuwadyetsa. Iwo analandira, koma maso awo anali padzanja lake. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa chinthu chimene chinaoneka kuti chakhala chikuwavuta kwa zaka.

"Iwe, si dzanja lamanja ili? Nanga pa kanema paja bwanji umadya ndi lamanzere? Moni upereka ndi lamanzere, khasu ugwira chamanzere. Ine ndimati azunguwo akuphunzitsa mwano. Sindinakulere choncho ine."

Blasius anayamba kuseka, kuseka kwake kwenikweni, kumene Hassani anali asanakumvepo, ndipo kunathera m'misozi.

"Amayi, n'chifukwa choti mumakhala kuseri kwa nsalu. Kumeneko zonse zimaoneka zotembenuka. Lero tikuonetsanso ku Balaka. Mukakhala kutsogolo, muone kuti mwana wanu munamulera bwino."

A Bernadetta anapukusa mutu, nati anthu akawagenda. Apa Hassani anatsokomola. Ankawadziwa anthu a ku Balaka, ankadziwa kuti a Lukiya adzakoka benchi yawo, ena adzang'ung'udza, ena adzanyamuka, ndipo mawa lake nkhani idzakhala itafika kwa azungu a kanema Hudson asanalembe n'komwe. Anati bondo lake silimulola kuima nthawi yaitali, choncho madzulo ano akhala pansi, kutsogolo, pambali pa mayi Bernadetta, ndipo wofuna kugenda ayambe waganiza bwino za yunifolomu ya boma.

Hassani anafuna kuwakweza panjinga, koma iwo anati chibadwire sanakwerepo ndipo sayamba lero. Blasius anawapatsa ndodo yawo Hudson kuti anyamule. Kenako anagwada patsogolo pawo n'kuwapatsa msana. Amayiwo anakana kawiri, mwa mwambo chabe, kenako anakoloweka manja awo opanda zala aja pakhosi pake.

Anabwerera ku Balaka dzuwa likupendeka, Hassani ndi Hudson akukankha njinga pambuyo. Atayandikira masitolo a amwenye, mwana wina anakuwa kuti Tambwali waba munthu, ndipo anthu anayamba kutuluka m'makonde. A Bernadetta anakoka nsalu kuti abise nkhope. Blasius anaima, nawapempha kuti aivundukule, n'kudikira pakati pa msewu mpaka anatero.